Mwana akakhoza koma osasankhidwa, tikatani?

Mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, mlongo wanga adandiimbira foni usiku kuti ndipite kumudzi kwathu ku Thambani m'boma la Mwanza. Mtima udagunda, poti foni ya kumudzi ikalira nthawi ngati imeneyo munthu umayamba waganiza za maliro. Koma ai, nkhani idali ya sukulu. Ahedi a pasukulu yomwe mwana wake wamkazi akuphunzira Sitandade 8 adaitanitsa msonkhano wa makolo, ndipo iye adati, "Achimwene, zakusukuluzi mumazidziwa ndinu. Bwerani mudzadzimvere nokha, paja malume ake ndinu."

Kwathu malume sathawa mlandu wa mwana wa mlongo wake. Ndidakwera minibasi ku Blantyre, kutsika pa boma la Mwanza, n'kupeza mnyamata wa njinga yamoto yemwe adakanditula kumudzi buluku lili matope okhaokha.

Msonkhano udachitikira m'kalasi, ife akuluakulu titadzipanikiza m'madesiki a ana. Ambiri adali amayi ndi agogo aakazi. Abambo ndidawawerenga ndi zala za dzanja limodzi, ndipo sindifuna kunena zambiri pamenepa poopa kuyambana ndi anzanga omwe ndidakula nawo. Nkhani zake zidali zomwe kholo lililonse la mwana wa Sitandade 8 limazidziwa: ndalama ya mayeso oyeserera a zoni, ufa ndi ndiwo za ana ngati ayamba kugonera pasukulu, matochi owerengera usiku, ndi kangachepe kothokozera aphunzitsi omwe akuphunzitsa mpaka madzulo ndi Loweruka lomwe. Anthu adakangana pang'ono pa muyeso wa ufa, kenaka adagwirizana.

Msonkhano uli pafupi kutha, agogo ena omwe adakhala chakumbuyo adaimika mkono. Adati, "Ahedi, ine kusukulu sindidapite patali. Tandiuzani bwino. Mdzukulu wangayu ndikulera ndekha. Akakhoza mayesowa, ndiye kuti malo ake ku sekondale alipo?"

Ahedi adakhosomola kaye, n'kunena kuti tonse tilimbikire ndi kupemphera, Mulungu adzaona. Sindikuwanena ai. Munthu woyendetsa sukulu safuna kugwetsa anthu ulesi kutatsala miyezi itatu kuti ana alembe. Koma funso la agogo aja ndilo lidali funso lenileni pa msonkhano wonse uja, ndipo yankho lake loona ndi lakuti ai, malowo sakhala alipo kwa aliyense wokhoza.

Mayeso a Sitandade 8, omwe pa Chingerezi amangowatchula kuti PSLCE, amakonzedwa ndi bungwe la MANEB lomwe likulu lake lili ku Zomba ndipo lidakhazikitsidwa mu 1987. Amalembedwa masiku atatu, mapepala asanu ndi limodzi: Chingerezi, Chichewa, Masamu, Sayansi, phunziro la za chikhalidwe cha anthu ndi chipembedzo, ndiponso la luso ndi maluso a moyo. Zaka zaposachedwazi akhala akulembedwa mwezi wa Meyi, kupatula nthawi yomwe mliri wa Covid-19 udasokoneza kalendala, monga mu 2020 pomwe sukulu zidatsekedwa m'Malichi ndipo ana adadikira mpaka kumapeto kwa Sepitembala.

Tsono mayeso amenewa amagwira ntchito ziwiri, ndipo apa mpamene makolo ambiri timasokonezeka. Ntchito yoyamba n'kuona ngati mwana wamaliza bwino pulayimale. Pamenepa zinthu sizili zoipa. Ana pafupifupi 250,000 amalemba chaka ndi chaka, ndipo oposa 80 mwa 100 alionse amakhoza. Mu 2023 adakhoza ana 87 mwa 100 alionse. Ntchito yachiwiri ndiyo yowawa: mayeso omwewa ndiwo sefa yomwe unduna wa zamaphunziro umagwiritsa posankha ana opita ku Fomu 1. Malo m'masekondale a boma ndi ochepa, moti osankhidwa safika ngakhale theka la ana okhozawo. Kunena mosabisa, mwa ana awiri alionse omwe amabwera kunyumba akuti "ndakhoza", mmodzi kapena kuposerapo dzina lake silikhala pa mndandanda wa sukulu iliyonse.

Osankhidwawonso sapita kumodzi. Ochita bwino kwambiri, omwe ndi ochepa zedi, amatumizidwa ku sukulu zotenga ana a dziko lonse, monga Blantyre Secondary School, Dedza, Lilongwe Girls ndi Mzuzu, ndi zina za mishoni zothandizidwa ndi boma. Otsatira amapita ku sekondale za m'boma mwawo, monga ya Mwanza. Gulu lalikulu limapita ku sukulu zoyendera za m'madera, zija timangoti ma CDSS. Mwana wa ku Thambani, amene mwina kalasi yake yonse ikugawana mabuku owerengeka, akupikisana pa malo apamwambawo ndi mnzake wa ku Namiwawa amene kwawo kuli magetsi, tebulo lowerengera ndi mphunzitsi wobwera kunyumba.

Zimenezi ndikuzinena ngati munthu woti zidandionekera. Ine Sitandade 8 ndidalemba katatu m'zaka za m'ma 1980, nthawi ya Ngwazi. Ulendo woyamba ndidakhoza, osasankhidwa. Wachiwiri chimodzimodzi. Masiku amenewo kubwereza kudali ngati mwambo, moti m'kalasi mwathu mudali anyamata ometa ndevu omwe aphunzitsi atsopano ankayamba awapatsa moni poganiza kuti ndi a komiti ya sukulu. Mphekesera idali yakuti wobwereza samuganizira msanga posankha, tsono ulendo wachitatu akuluakulu adandisintha dzina n'kundichotserako zaka ziwiri. Agogo anga adandipatsanso kamuzu koti nditafune polowa m'chipinda cha mayeso. Kamuzuko ndidatafuna maulendo onse atatu, ndiye musandifunse ngati kadagwira ntchito.

Ndidasankhidwa ndithu, koma mpaka lero dzina lili pa masatifiketi anga si limene adanditcha makolo. Pamene boma lidayamba kulemba anthu kuti alandire zitupa za unzika mu 2017, ndidatuluka thukuta kufotokoza kuti munthu wa pa satifiketi ndi munthu wobadwira ku Thambani uja ndi mmodzi. Makolo, musayerekeze. Dzina ndi tsiku lobadwa zomwe mwana walembetsa ku MANEB zidzamutsata moyo wake wonse. Pitani kusukulu mukaone ndi maso anu ngati dzinalo lalembedwa bwino pa chiphaso chake cha mayeso, chilembo ndi chilembo, ndiponso ngati chithunzicho chili chake. Kukonza cholakwika mayeso asanalembedwe n'kosavuta kusiyana n'kudzakonza mwana ali ku Fomu 4.

Anthu ena amaganiza kuti vuto la malo lidatha ndi nthawi ya chipani chimodzi. Ai. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, ana adakhamukira kusukulu, chiwerengero chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chidali chinthu chabwino ndipo ambiri akuwerenga nyuzi ino lero chifukwa cha chimenecho. Koma khomo la pulayimale lidakula pamene la sekondale lidangosuntha pang'ono. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo ophunzirira a MCDE adasandutsidwa ma CDSS, zina zamangidwa chimangire, komabe mzere wa ana ukadali wautali kuposa mabenchi.

Nanga tsono kholo la ku Thambani lingachitenji m'miyezi yotsalayo? Ndidakhala kumudzi masiku anayi ndipo ndidaona zinthu zingapo zomwe sizilira ndalama.

Madzulo a tsiku loyamba ndidamufunsa mwana wa mlongo wangayo m'Chichewa kuti munthu angateteze bwanji nthaka kuti isakokoloke. Adandiyankha ngati mlangizi wa zaulimi: mizere yopingasa, akalozera, udzu wa vetiva, kubzala mitengo, kusatentha mapesi. Ndidatenga pepala la mayeso akale lomwe aphunzitsi adamubwereka, ndikupeza funso lofanana nalo m'Chingerezi, iye n'kusankha yankho lolakwika. Chidamugwetsa si ulimi. Kadali kaliwu kamodzi, "except", komwe kamatembenuza funso lonse kuti usankhe chomwe sichili m'gulumo. Kupatula pepala la Chichewa, mapepala onse asanu amafunsidwa m'Chingerezi, pamene ana athu Chingerezicho amangochimva m'kalasi basi, akatuluka ndi Chichewa mpaka mawa. Ambiri amalephera zinthu zomwe akuzidziwa bwino lomwe.

Mankhwala ake si odula. Mwana aziwerenga funso mokweza, kenaka alinene m'Chichewa asanayankhe. Kholo ngakhale losadziwa Chingerezi likhoza kukhala pambali n'kumati, "Tandiuza, akufunsa chiyani pamenepo?" Mwana akalephera kukufotokozerani, ndiye kuti funsolo sadalimve, alichonge akafunse aphunzitsi mawa. M'mudzi uliwonse muli mnyamata kapena mtsikana wa Fomu 3 kapena amene adalemba Fomu 4 n'kungokhala. Ameneyo ola limodzi madzulo angathandize ana anayi kapena asanu. Ndipo musanyoze pepala la Chichewa poti ndi chiyankhulo chathu. Kalata, chimangirizo, kumvetsa nkhani ndi malamulo a chiyankhulo zimafuna kuyeserera, ndipo mpamene mwana wakumudzi angakokere malikisi omwe wataya kwina.

Chachiwiri ndi nthawi. Amene adaika mayesowa mwezi wa Meyi sadaganize za munda. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, mwana amapita kusukulu m'mimba muli pululu, ena amajomba kukagwira ganyu wopalira kuti pakhomo pagwe ufa. Epulo ndi Meyi ndi nthawi yokolola, manja onse amafunika kumunda, ndipo kwathu ku Mwanza manachesi amakhala ayamba kupsa, wina ayenera kukhala nawo pamsika. Mlongo wanga ndi mayi wokonda mwana wake, koma nditawerenga ntchito za mtsikanayu tsiku limodzi ndidachita manyazi. Kum'mawa kutunga madzi kawiri, kusesa, kutsuka mbale. Akaweruka, nkhuni, kusinja, kuphika, kusambitsa ang'ono ake. Buku amaligwira mdima utagwa, maso akulemera kale. Mchimwene wake wa Sitandade 6 nthawi yonseyo ali ku mpira wachikulunga.

Ndidati, "Achemwali, miyezi itatu yokha, mtsuko asenze mnyamatayu." Adaseka, amvekere anthu adzati chiyani. Ndidawayankha kuti anthu omwewo sadzabwera kudzatithandiza kulira zotsatira zikadzatuluka.

Pa nkhani yogonera pasukulu mtima wanga uli pawiri. Ubwino wake ulipo: ana amapeza kuwala, amathawa ntchito zapakhomo, aphunzitsi amakhala pafupi. Koma kusonkhanitsa atsikana a zaka 13 mpaka 16 m'kalasi yopanda loko, n'kuwasiya okha usiku, n'kuika nyama pakhomo pa fisi. Ngati makolo agwirizana kuti ana agonere, agwirizanenso kuti ndi amayi ati a Mother Group amene azigona nawo mosinthana, ndi abambo ati amene aziyang'anira anyamata kumbali ina. Msonkhano wathu uja udatha mphindi zambiri pa ufa, nkhani iyi idangodutsa. Ndidaidzutsa ndine, ndipo amayi ena adandiyang'ana ngati ndatukwana, koma mndandanda wa osinthana udalembedwa.

Za likasa ndinene mwachidule. Mayeso akayandikira mumamva kuti wina ali ndi mapepala enieni pa WhatsApp, mungomutumizira ndalama pafoni. Ambiri mwa amenewa ndi akamberembere ogulitsa mafunso a zaka zakale. Ndipo ngakhale atakhala enieni, tidaona mu 2020 mayeso a Fomu 4 atabedwa: adathetsedwa dziko lonse, ana osalakwa n'kulembanso mu Januwale 2021. Mwana wogwidwa ndi likasa zotsatira zake zimafafanizidwa, zaka zisanu ndi zitatu n'kupita m'madzi. Ndalama imeneyo kuli bwino mugule mabatire a tochi.

Masiku atatu a mayesowo akafika, zofunika n'zodziwika. Ana a sukulu zingapo amakalembera pamalo amodzi, choncho dziwiranitu kuti mwana wanu akalembera kuti ndipo ndi mtunda wotani. Adye kanthu m'mawa, kaya ndi phala kaya mbatata. Asaiwale chiphaso, zolembera ziwiri, pensulo ndi rula. Muuzeninso kuti akaona apolisi pamalopo asanjenjemere, abwera kudzalondera mapepala, osati kudzagwira iye. Ndikudziwa ana omwe wapolisi wa yunifolomu adamuonera pafupi koyamba tsiku la mayeso.

Koma zonsezi n'zokonzekera kulemba. Chomwe chidandipititsa kunyumba kwa mlongo wanga ndi mtima wolemera ndi funso la agogo aja, pakuti palibe amene amakonzekeretsa mwana, ngakhale kholo, za tsiku lomwe zotsatira zidzatuluke.

Taganizani. Mwana amalemba mu Meyi, Fomu 1 imayamba mu Sepitembala. Pakatipa pali miyezi pafupifupi inayi yomwe sali mwana wasukulu, salinso wamkulu. Ku Thambani malire a Mozambique ali pafupi, mnyamata akangolawa ndalama ya ganyu kutsidyako, kapena ya thumba la makala, kapena akamva za anzake omwe adapita ku Joni, sukulu imayamba kuoneka ngati kutaya nthawi. Mtsikana naye amayamba kufunsiridwa. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo asavomereze ukwati wa mwana wosafika pamenepo. Koma lamulo lili ku Lilongwe. Kumudzi chomwe chimagwira mtsikana kuti asapite ku banja ndi kudziwa kuti Sepitembala akubwerayo pali komwe akupita.

Tsono ngati chaka chonse takhala tikumuuza kuti "ukapanda kusankhidwa basi zako zada", tsiku lomwe sadzapeza dzina lake pa mndandanda adzakhulupirira mawu athu omwewo. Ndidaona anzanga anzeru kuposa ine akusiya sukulu chotero. Sadalephere mayeso. Adakhoza, koma kunyumba adawalandira ngati olephera.

N'chifukwa chake ndikuti makolo tikhale pansi ndi mwana mayeso asanafike, tikambirane njira zonse poyera. Akasankhidwa ku sukulu yogonera, ndalama yogonera, matiresi, thiransipoti ndi yunifolomu zichokera kuti? Boma lidalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 fizi m'masekondale a boma oyendera yachotsedwa pamodzi ndi ndalama za mayeso, ndipo tikuthokoza, koma kugonera kumalipiridwabe, ndipo nsapato ndi makope sizigwa kumwamba. Chaka chilichonse pamakhala ana osankhidwa omwe sapita chifukwa makolo adadzidzimuka, ndipo malo awo amaperekedwa kwa ena pa chisankho chachiwiri. Kholo la mwana wosasankhidwa lidziwenso zimenezi, lisataye mtima sabata yoyamba, lizifunsa kwa ahedi.

Akasankhidwa ku CDSS, apite. Pano ndikudziwa kuti ena anditsutsa. Ndi zoona kuti ma CDSS ambiri alibe mabuku okwanira, alibe chipinda choyesera za sayansi, ndipo aphunzitsi ndi operewera. Koma mayeso a Fomu 4 ndi amodzi dziko lonse, ndipo ana ochokera m'sukulu zimenezi amafika ku yunivesite, ngakhale ali ochepa. Kholo lomwe likukaniza mtsikana wa zaka 15 kupita ku CDSS kuti abwereze mpaka adzapeze sukulu yogonera likutchova njuga ndi moyo wa mwana. Ine kubwereza kudandipindulira, inde, koma ndidali mnyamata, palibe amene ankabwera kwa malume anga kudzandifunsira. Atsikana omwe tidayamba nawo kubwereza, pofika chaka chachitatu adali ndi ana kumbuyo. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Akapanda kusankhidwa kulikonse, njira sizidathe. Pali sukulu za masana zomwe zimaphunzitsa m'masekondale a boma omwewo ophunzira enawo akaweruka, zolipira koma zotsikirapo kusiyana ndi za pulaiveti. Pali kubwereza kamodzi, ngati mwanayo ndi wamng'ono ndipo aphunzitsi ake akuona kuti adatsala pang'ono. Chachikulu n'chakuti mwanayo adziwiretu kuti njira zimenezi zilipo, ndiponso kuti akuluakulu aziganizira kale.

Usiku wotsiriza tidakhala pakhonde atatu, ine, mlongo wanga ndi mtsikanayu. Tidakambirana zonsezi mmodzimmodzi, mpaka tidagwirizana kuti mbuzi yaikazi ili m'kholamo isagulitsidwe kaya kubwere vuto lotani, idikire Sepitembala. Mwanayo adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adafunsa motsitsa mawu, "Amalume, ndiye kuti ndikapanda kusankhidwa simundikwiyira?" Ndidamuuza kuti malume ake adalemba katatu. Sadakhulupirire mpaka mayi ake atavomereza, ndipo adaseka mpaka misozi.

M'mawa mwake ndikudikira njinga yamoto yobwerera ku boma, ndidakumana ndi agogo aja atasenza mtolo wa chisoso. Ndidawapatsa moni, ndikuwakumbutsa funso lawo, ndipo ndidawauza zoona zake monga ndalembera pano, kuti kukhoza n'kwina, kusankhidwa n'kwinanso, ndi zomwe angachite zikadzatero. Adamvetsera osandidula mawu, adatula mtolo pansi, n'kukhala kaye phee.

"Zikomo bambo," adatero. "Ndiye nandolo wa chaka chino sindikongolerapo kanthu kwa mavenda. Ndidikira ndimve kaye za mwanayu."